Lipoti la nkhani: mkono ndi bondo la Mariano Rivera, kuyambira 1990 mpaka 2013

Lipotili ndalembera anzanga amene timagwira ntchito yosamalira matupi a osewera, aphunzitsi a masewera, ndi ophunzira amene akubwera m'mbuyo mwathu. Likunena za Mariano Rivera wa ku Panama, amene anasewera baseball mu timu ya New York Yankees kwa nyengo 19. Zonse zili muno zinachitika poyera ndipo zinalengezedwa pa nthawi yake. Funso limene landigwira mtima ndi ili: zinatheka bwanji kuti mnyamata amene anachitidwa opaleshoni ya chigongono ali ndi zaka 22, asanapondemo n'komwe mu ligi yaikulu, apitirize kuponya mpaka zaka 43, ndipo m'chaka chake chomaliza akhalebe mmodzi mwa akatswiri oopedwa?

Ntchito imene thupi lake linkagwira

Woponya amaima pa kachulu kamene kali mamita 18.44 kuchokera pamene paima womenya. Masewera amakhala ndi zigawo 9, zimene eni ake amati ma inning, ndipo m'chigawo chilichonse timu imamenya mpaka anthu ake atatu atatulutsidwa. Woponya woyambitsa masewera amaponya mipira pafupifupi 100, kenako n'kupuma masiku anayi. Akatopa kapena zikamuvuta, amalowa oponya olowa m'malo, amene amadikira ndi kutenthetsa mikono kumalo kwawo kotchedwa bullpen. Mwa iwowa, amene mphunzitsi amamudalira kwambiri amasungidwira chigawo chomaliza timu ikamatsogola ndi mapointi ochepa. Ameneyu ndiye closer, wotseka masewera. Akalowa timu ikutsogola ndi mapointi osaposa atatu, n'kumaliza bwino osalola adani kubweza, amamulembera save.

Kwa ife oyang'ana thupi, kusiyana kwa ntchito ziwirizi n'kwakukulu. Wotseka masewera amaponya mipira 10 kapena 20 basi, koma uliwonse ndi mphamvu zake zonse, ndipo akhoza kuitanidwa lero, mawa ndi mkuja. Nyengo imakhala ndi masewera 162. Masiku ena amatenthetsa mkono, zinthu n'kusintha m'bwalo, iye osalowa, koma mkonowo wagwira kale ntchito. Ambiri ogwira ntchito imeneyi amawala zaka zitatu kapena zinayi, kenako chigongono kapena phewa n'kuwakana.

Kumene anachokera

Rivera anabadwa pa 29 November 1969 mu Panama City, nakulira m'mudzi wa asodzi wa Puerto Caimito. Bambo ake anali woyendetsa bwato lopha nsomba. Ana a m'mudzimo ankasewera baseball pamchenga wa m'mbali mwa nyanja, magolovesi awo ali a makatoni, ndodo zili nthambi za mitengo, ndipo mpira ankaukulunga ndi zidutswa za ukonde ndi tepi, monga mmene ana athu amamangira wachikulunga. Masewera a pamtima pake anali mpira wamiyendo, koma anausiya chifukwa chovulala akakolo ndi mawondo pafupipafupi. Ali ndi zaka 16 anayamba kugwira ntchito m'bwato la bambo ake, masiku 6 pa sabata, kukoka maukonde. Ntchitoyi inali yoopsa: m'bale wawo wina anamwalira atavulala m'bwatomo, ndipo tsiku lina iye mwini anathawa m'bwato limene linkamira.

Mfundo imene ndikufuna anzanga aigwiritse ndi iyi: paubwana wake wonse Rivera sanali woponya. Mu timu ya kwawo ya Panamá Oeste ankasewera pamalo a shortstop, ngati wotchinga mipira mkati mwa bwalo, ndipo anayamba kuponya mu 1989 chifukwa woponya wawo zinamuvuta, pakusowa wina. Ana ambiri a ku America amene amaoneka ndi luso amayamba kuponya ali ndi zaka 9 kapena 10, chaka chonse osapuma, mafupa asanakhwime, ndipo mwa ena pofika zaka 20 mtsempha wa m'chigongono umakhala utawonongeka kale. Mkono wa Rivera unafika pa zaka 20 usanadyedwe choncho, pamene miyendo, msana ndi mapewa zinali zitalimba ndi mchenga, mpira wamiyendo ndi ukonde.

Herb Raybourn, wofufuza osewera wa Yankees, anamusainitsa pa 17 February 1990. Mnyamatayo ankalemera makilogalamu 70 okha ndipo mpira wake unkathamanga makilomita pakati pa 137 ndi 140 pa ola, liwiro losachititsa chidwi pa ligi yaikulu. Chimene Raybourn anakonda chinali kaponyedwe kake kosalala, kopanda kudzikakamiza. M'chaka chake choyamba mu Gulf Coast League, ligi yaing'ono ya oyamba kumene, anaponya zigawo 52 n'kulola pointi imodzi yokha yolembedwa pa iye.

Kuvulala koyamba: chigongono, 1992

Mu 1992 ali ku timu yaing'ono ya Yankees ya ku Fort Lauderdale, Rivera ankafuna kuti mpira wake wokhota wotchedwa slider uzikhota kwambiri, ndiye anayamba kuthyola dzanja mwamphamvu poutulutsa. Zotsatira zake zinali kuwonongeka kwa mtsempha wa mkati mwa chigongono chakumanja, umene madokotala amautchula UCL. Mtsempha umenewu umalumikiza fupa la kumtunda kwa mkono ndi limodzi mwa mafupa awiri a kumunsi, ndipo ndi umene umagwira chigongono kuti chisatseguke pamene mkono wabwerera m'mbuyo n'kuyamba kuthamangira kutsogolo. Pakuponya kulikonse kwamphamvu umakokedwa mpaka pafupi ndi malire ake. Minofu yozungulira ndiyo imauthandiza, ndipo ikatopa kapena kaponyedwe kakasintha mwadzidzidzi, mtsemphawo umatsala wokha.

Opaleshoni inachitika pa 27 August 1992, ndipo anaichita ndi Dr. Frank Jobe, dokotala yemwe mu 1974 anayambitsa opaleshoni yoika mtsempha wina m'malo mwa wowonongekawo, imene lero imadziwika ndi dzina la Tommy John. Anthu ambiri amaganiza kuti Rivera anachitidwa yomweyo, koma ayi. Atatsegula anapeza kuti mtsemphawo sunkafunika kusinthidwa, ndiye anangokonza pamene panawonongeka. Kumapeto kwa chaka chomwecho matimu awiri atsopano, Florida Marlins ndi Colorado Rockies, analoledwa kusankha osewera kuchokera ku matimu ena. Yankees sinamuteteze Rivera, ndipo palibe anamutenga. Mu 1993 anabwerera, akumuwerengera mipira yoti asapitirire.

Ine ndimaona kuti apa pali phunziro limene timaliphonya kawirikawiri. Chinavulaza chigongono si kuchuluka kwa ntchito kokha ayi, koma kuwonjezera kayendedwe kachilendo pa kaponyedwe kamene kanali kabwino kale. Mphunzitsi akauza wachinyamata kuti apotoze dzanja mwa njira yatsopano, ayenera kuchepetsa kaye kuchuluka kwa zoponya mpaka minofu itazolowera. Ndimanena zomwezi kwa oponya nthungo ndi oponya mpira wa kiriketi.

Kusintha ntchito

Analowa mu ligi yaikulu pa 23 May 1995 ngati woyambitsa masewera, polimbana ndi California Angels. Sizinayende: anapereka mapointi asanu asanamalize chigawo chachinayi, ndipo Yankees inagonja 10-0. Mu June anamubwezera ku timu yaing'ono ya Columbus pamodzi ndi mnzake Derek Jeter wosewera pa shortstop. Akuluakulu anali akukambirana zomusinthanitsa ndi David Wells wa ku Detroit, koma Gene Michael, mkulu woyendetsa timuyo pa nthawiyo, atamva kuti ku Columbus mpira wa Rivera wafika makilomita 153 pa ola, anathetsa zokambiranazo. Rivera mwini, amene ndi munthu wopemphera kwambiri, wakhala akunena kuti liwirolo linali mphatso yochokera kwa Mulungu. Chimene ine ndingawonjezere ngati wosamalira matupi n'chakuti panali patadutsa zaka pafupifupi zitatu chichitikireni opaleshoni, mnyamatayo anali atakwanitsa zaka 25, ndipo thupi lowonda lija linali litadzaza. Tisamafulumire kuweruza wosewera chaka chimodzi chokha atachira.

Mu October chaka chomwecho, pa masewera a chipulula ndi Seattle, anamuyesa ngati wolowa m'malo, ndipo anaponya zigawo zoposa zisanu osapereka pointi. Mu 1996 mphunzitsi Joe Torre anamuika kuti aziponya chigawo cha 7 ndi cha 8, kukonzera njira John Wetteland amene ankatseka. Chaka chimenecho anaponya zigawo zoposa 107 n'kutulutsa omenya 130 ndi ma strike atatu (mipira itatu imene womenya walephera kuimenya), ndipo Yankees inatenga World Series, mpikisano womaliza wopezera katswiri wa ligi yaikulu. Wetteland atachoka, mu 1997 Rivera anakhala wotseka masewera. Anayamba mopunthwa, anataya mipata itatu mwa 6 yoyambirira, koma Torre anamuuza kuti udindowo ndi wake ndipo sauchotsedwa.

Kusamutsidwa kumeneku ndimakuona ngati chithandizo chachikulu kuposa opaleshoni ija. Woyambitsa masewera amakumana ndi womenya yemweyo katatu kapena kanayi pa tsiku, motero amafunika mitundu itatu kapena inayi ya mipira. Rivera analibe mitundu yambiri, ndipo kufunafuna mtundu wina n'kumene kunamupweteka mu 1992. Pa ntchito yatsopanoyi womenya ankamuona kamodzi kokha. Kuyambira 1997 mpaka kumapeto sanaponyenso zigawo zofika 85 pa nyengo imodzi, osawerengera za chipulula.

Mpira umodzi

Pakati pa chaka cha 1997, akuponyerana mpira ndi mnzake Ramiro Mendoza, wa ku Panama yemweyo, Mendoza anadandaula kuti mpira ukupatuka ukatsala pang'ono kufika. Rivera sankachita dala. Iye ndi mphunzitsi wa oponya, Mel Stottlemyre, anayesetsa kwa kanthawi kuti auwongole, koma zinakanika, mpaka anagwirizana zousiya momwemo. Uwu ndiwo mpira wotchedwa cutter.

Kagwiridwe kake n'kofanana ndi ka mpira wachangu wamba, kungoti zala ziwiri zimasunthira pang'ono cha kumbali ndipo chala chapakati chimapanikiza kwambiri. Mpira umatuluka ngati ukupita molunjika, pa liwiro loposa makilomita 145 pa ola, ndipo womenya amayamba kugwedeza ndodo akukhulupirira kuti akudziwa pamene ufikire. Utatsala pang'ono kufika umapatukira kumanzere kwa woponya. Kwa womenya wamanzere, ndiye kuti ukulowera kumanja ake ogwirira, n'kugunda pamene ndodo ili yopyapyala. N'chifukwa chake ndodo zinkathyoka. Pa World Series ya 1999, Ryan Klesko wa Atlanta anathyoletsa ndodo zitatu pa ulendo umodzi wokha womenya. Omenya ena otha kumenyera mbali zonse ankasankha kuima kumanja polimbana ndi Rivera, kusemphana ndi chizolowezi cha masewerawa, pofuna kuthawa mpira wolowera m'manjawo. M'zaka zake zakumapeto, mipira yoposa 80 pa 100 iliyonse imene ankaponya inali cutter.

Apa ndi pamene ndikufuna tikhalitse. Womenya aliyense ankadziwa chimene chikubwera, ndipo Rivera sankabisa. Pa masewera a All-Star a 2008, amene amasewera akatswiri osankhidwa m'matimu onse, anamuonetsa Roy Halladay, wa timu yopikisana nayo, kagwiridwe kake. Mphamvu yake inali pa kuika mpira pamene akufuna, m'mphepete mwenimweni mwa malo ovomerezeka, mkati kapena kunja. Kulondola kotere kumabwera pokhapokha thupi likamabwereza kayendedwe kamodzi nthawi zonse: phazi lakutsogolo kutera pamalo omwewo, chiuno kutembenuka chifuwa chisanatsatire, mkono kudutsa njira yomweyo, mutu osagwedezeka. Mukaonera mavidiyo ake a 1998 ndi a 2011 motsatizana, muvutika kusiyanitsa. Ndipo kayendedwe kamene kamapereka kulondola ndi komweko kamene kamateteza mfundo za thupi, chifukwa mphamvu imachokera m'miyendo ndi m'chiuno, mkono n'kungoipereka. Cutter yake sinkafuna kuthyola dzanja ngati slider ija. Woponya wosamwaza mipira amamalizanso chigawo ndi mipira yochepa, ndiye pakutha pa zaka 19 wapulumutsa mkono wake ku zoponya zambirimbiri.

Sikuti sankavulala. Mu 2002 anakhala kunja katatu chifukwa cha minofu ya m'mphechepeche ndi phewa, ndipo anaphonyanso mwezi woyamba wa 2003. Mu 2008 anaponya phewa likuwawa, nachitidwa opaleshoni yaing'ono nyengo itatha. Koma chaka chomwecho cha 2008, ali ndi zaka 38, anapereka njira yaulere (imene womenya amapatsidwa woponya akaphonya malo ovomerezeka kanayi) kwa omenya 6 okha m'zigawo zoposa 70, ndipo anapulumutsa masewera 39 mwa mipata 40.

Masiku amene zinakanika

Lipoti loona liyenera kunena za izinso. Mu 1997 Sandy Alomar Jr. wa Cleveland anamumenyera home run (mpira womenyedwa kupitirira mpanda wa bwalo) yobweza pa masewera achinayi a chipulula, ndipo Yankees inatuluka mawa lake. Pa 4 November 2001, m'masewera a 7 a World Series ku Arizona, Rivera analowa timu yake ikutsogola 2-1. Chigawo cha 8 anachidutsa bwino, koma m'chigawo cha 9 iye mwini anaponya molakwika ku base yachiwiri (ma base ndi malo amene womenya amathamangira motsatizana kuti apeze pointi), Tony Womack anabweza, kenako Luis Gonzalez anabwera ma base onse atadzaza. Torre anakokera otchinga a mkati kutsogolo. Cutter inachita ntchito yake, inalowera m'manja mwa Gonzalez, koma mpira womenyedwa mofooka chotero umagwera pafupi, ndipo unadutsa pamwamba pa Jeter n'kugwera pamene akanaima akanakhala kuti sanasunthidwe. Arizona inapambana 3-2. Mu October 2004, atangobwera kumaliro a abale awiri amene anafa pangozi ya magetsi kunyumba kwake ku Panama, analephera kutseka masewera achinayi ndi achisanu polimbana ndi Boston.

Chimene ndimachita nacho chidwi n'chakuti pambuyo pa zonsezi sanasinthe kaponyedwe kake. Osewera ambiri akagwa pa tsiku lalikulu amabwera chaka chotsatira atawonjezera mphamvu kapena atasintha njira ya mkono, ndipo ndi pamene ife timawalandira atavulala. Rivera mu 2005 anabwerera ndi mpira womwewo, ndipo chaka chimenecho chinali chimodzi mwa zabwino kwambiri pa moyo wake wa masewera.

Kuvulala kwachiwiri: bondo, 2012

Pa 19 September 2011 anapeza save ya 602, kupitirira Trevor Hoffman amene anali ndi 601. Patangodutsa miyezi yosakwana 8, pa 3 May 2012, anavulala ku Kauffman Stadium mu Kansas City masewera asanayambe. Rivera anali ndi chizolowezi cha zaka zambiri chothamangira mipira ya m'mwamba kumapeto kwa bwalo pamene anzake akuyeserera kumenya. Tsikulo akuthamangira mpira umene anamenya Jayson Nix, phazi lakumanja linatera moipa pafupi ndi khoma, bondo n'kupotoka. Mtsempha wa ACL unaduka, ndipo kachichereche ka m'bondo kotchedwa meniscus kanawonongekanso. Ndi kuvulala komweko kumene timakuona mwa atsikana a netiboli ndi anyamata a mpira wamiyendo: palibe wamugunda, phazi lagwira pansi, thupi likupitirira. Anali ndi zaka 42, ndipo ambiri anati basi kwatha. Mawa lake anauza atolankhani kuti sangachoke m'masewera mwanjira imeneyo, abweranso.

Opaleshoni inachedwa chifukwa madokotala anapeza magazi oundana m'katumba wa mwendo womwewo. Ichi si chinthu chochitengera mopepuka. Mwendo wovulala umene sukuyenda umachedwetsa magazi, ndipo chibuma chikachoka pamenepo chikhoza kukatseka mitsempha ya m'mapapo. Aliyense wa ife akaona katumba wotupa, wotentha ndi wowawa mwa wovulala bondo, asamusisite, amutumize kuchipatala tsiku lomwelo. Rivera anamwa mankhwala ochepetsa kuundana kwa magazi, ndipo Dr. David Altchek anachita opaleshoni pa 12 June 2012. Masabata odikirawo sakhala otayika. Bondo limene lalowa m'opaleshoni kutupa kutaphwa, likutha kuwongoka lonse ndiponso minofu ya ntchafu ikugwira ntchito, kawirikawiri limachira bwino kuposa lothamangitsidwa likadali lotupa.

Kwa woponya wamanja, mwendo wakumanja ndi umene umakankha kuchokera pa kachulu. Ukakhala wofooka, kapena wosewera akamauopa, mphamvu yosowayo amaifuna kuphewa ndi kuchigongono, ndipo vuto la bondo limasanduka vuto la mkono. N'chifukwa chake ndimaona kuti kusafulumira kubwerera mu 2012 kunali kwanzeru. Anadikira mpaka nyengo yatsopano.

Anthu ena anadzudzula kuti munthu wodula chotero ankamulolera bwanji kuthamangira mipira imene si ntchito yake. Ine sindigwirizana nawo. Kuthamanga kumeneko, kothamanga n'kuima, kutembenuka ndi kuyang'ana m'mwamba, ndiko kunasunga miyendo yake yolimba kwa zaka zoposa 20, ndipo miyendoyo ndiyo inkateteza mkono. Ngozi ya tsiku limodzi timaiona ndi maso, koma kuvulala konse kumene chizolowezicho chinapewetsa sikuoneka pena paliponse. Kumuletsa kukanakhala kuchotsa chimodzi mwa zinthu zimene zinamufikitsa pa zaka 42 akadali katswiri.

Zotsatira

Mu March 2013 analengeza kuti chimenecho chikhala chaka chake chomaliza. Anaponya m'masewera 64, anapeza ma save 44, ndipo ERA yake, imene ndi mapointi amene woponya amapereka pa zigawo 9 zilizonse, inali 2.11, yotsikirapo kuposa ya moyo wake wonse ya 2.21. Anasankhidwa kukhala wosewera wopambana pa masewera a All-Star ku Citi Field, ndipo analandira mphoto ya wosewera amene wabwerera bwino atavulala mu American League, limodzi mwa magawo awiri a ligi yaikulu. Timu ya Minnesota Twins inamupatsa mpando wopangidwa ndi ndodo zothyoka. Pa 26 September 2013, ku Yankee Stadium polimbana ndi Tampa Bay, anzake akale Andy Pettitte ndi Derek Jeter ndi amene anapita kukamuchotsa pa kachulu m'malo mwa mphunzitsi, ndipo Rivera analira paphewa la Pettitte.

Anamaliza ndi ma save 652 ndi masewera 952 amene iye anali woponya womaliza, zonse ziwiri zoposa za wina aliyense. Pa masewera a chipulula anaponya zigawo 141, ERA yake ili 0.70 ndi ma save 42, ndipo anatenga nawo World Series kasanu: 1996, 1998, 1999, 2000 ndi 2009. Anali womaliza kuvala nambala 42 tsiku ndi tsiku, chifukwa mu 1997 ligi inaipumitsa polemekeza Jackie Robinson, kungosiyira amene ankaivala kale. Kuyambira 2014 mphoto ya woponya wolowa m'malo wopambana mu American League imatchedwa ndi dzina lake, ndipo chaka chomwecho iye ndi mkazi wake Clara anatsegula tchalitchi cha Refugio de Esperanza ku New Rochelle, m'nyumba yakale yopemphereramo imene anaikonzanso. Mu January 2019 atolankhani onse 425 amene anavota anamusankha kulowa mu Hall of Fame, malo olemekezera akatswiri a baseball ku Cooperstown, ndipo anakhala woyamba kusankhidwa popanda ngakhale mmodzi wokana.